Khosi la tambala wa chinkhoswe

Ine ndimawedza nsomba ndi nthenga. Ndikanena choncho anthu ambiri amaseka, ena amandinunkhiza m'kamwa kuti amve ngati ndalawa, ndiye ndiyambe ndalongosola. Ndimatenga mbedza yaing'ono n'kuipana ndi pulayala imene ndinaimangirira patebulo ndi legeni. Kenako ndimakulunga ulusi pambedzapo, n'kuikapo kanthenga ka nkhuku, ubweya wa mbuzi pang'ono kapena kachidutswa ka nthenga ya nkhanga, mpaka chinthucho chifanane ndi kachilombo kamene nsomba zimadya, kaya ndi ngumbi, kaya ndi kachiwala. Ndikachiponya pamadzi chimayandama, nsomba n'kukwera kuchokera pansi kudzachimeza. Nyongolotsi palibe, nyambo ina iliyonse yonunkha palibe.

Lusoli ndinalitola ndili mnyamata, pamene ndinkagwira ntchito ya zankhalango. Ananditumiza kuphiri la Zomba, kumene kuli madzi ozizira ndi nsomba yamadonthomadontho yotchedwa tirauti. Kunali mdala wina amene ankamanga nyambo zimenezi n'kumagulitsa kwa alendo, ndipo ine ndinkakonda kukaothera dzuwa pakhonde pake. Sankaphunzitsa ndi pakamwa. Ukalakwitsa ankangotenga lezala n'kudula zonse, iwe n'kuyambiranso. Pamene ndinkabwerera kwathu ku Dedza kudzagwira ntchito m'mapaini a m'phiri muno, anandipatsa ndodo yake yakale yowedzera ndi chingwe chonenepa chimene chimanyamula nyambo yopepukayo n'kukaitula patali. Tirauti sindinamupeze m'madzi amene ndinkafikako kuno. Koma nditakwatira ku Lobi ndinapeza kadamu ka alimi a madimba kumunsi kwa mudzi, kodzaza ndi makumba, ndipo ndinaona kuti nawonso ngumbi ikagwa pamadzi saileka.

Kumudziko ndine mkamwini, ndipo mkamwini sachedwa kupatsidwa dzina. Langa linali lakuti wokwapula madzi, chifukwa poponya nyambo yotere chingwe chimayamba chauluka m'mwamba, kutsogolo ndi kumbuyo, chisanagone pamadzi. Amayi otsirira ndiwo m'madimba ankaimika ntchito n'kumandionerera. Chimene chinkawapweteka kwambiri n'chakuti tinsomba tating'ono ndinkatibweza m'madzi kuti tikule. Ankati munthu wamutu wake sangataye ndiwo atazigwira kale m'manja. Mayi a kunyumba ankangoti bola zimenezi kusiyana ndi kachasu, ndipo makumba aakulu ndikabwera nawo ankawalandira ndi manja awiri.

Panali kanthu kena kamene sindinakaganizire bwino zaka zonsezo. Kwathu kuno mwamuna akamatola nthenga, anthu amadziwa kumene zikupita ndipo safunsa, chifukwa nkhani za kudambwe sazikambira pabwalo. Koma ine ndine wa mpingo wa Katolika, wa kwaya, ndipo aliyense ankadziwa kuti kudambwe sindinapondeko. Tsono munthu wosakhala wa Gule, wotola nthenga pamaliro ndi paukwati nkhuku zikaphedwa, wopempha ubweya wa kumchira kwa mbuzi, wogula utoto wa m'zikhadabo ku Chimbiya iye ali mwamuna wa imvi, munthu ameneyo akupanga chiyani? Utotowo ndimamatira mfundo ya ulusi kuti isamasuke. A m'mudzi mwathu anali atandizolowera, ankangoti ndi misala yanga. A kutali sankandidziwa.

Mzime wathu ndi mtsikana, telala, ndipo pa nthawiyo anali ndi makina ake pakhonde la sitolo ina ku Chimbiya. Ndiye amene ankandibweretsera ulusi wotsala, wofiira, wakuda, wachikasu, atakulunga pakapepala. Sankakamba za nsomba, ndipo ine ndinkayesa kuti amangondichitira chisoni bambo ake. Ku Chimbiya komweko anakumana ndi mnyamata wogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu, wofatsa, wa mpingo wathu womwe, mwana yekhayo wamwamuna kwa mayi ake. Anthu atakolola, ankhoswe anakumana, tsiku la chinkhoswe n'kuikidwa. Ukwati wa m'tchalitchi unayenera kuchitika nyengo ya Adiventi isanayambe, mvula yoyamba ikamagwa.

Pachinkhoswe bambo wa mwana alibe mawu. Nkhani imakhala m'manja mwa amalume, ndiye kumbali yathu ankayankhula ndi alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba. Kumbali ya mnyamata kunali amalume ake, bambo aatali, ouma thupi, mlimi wa kabichi, osayankhulayankhula. Ine anandikhazika pampando wabwino n'kundiuza kuti ndizimwetulira. Ndinamwetuliradi mpaka inafika nthawi yosinthana nkhuku, pamene akuchikazi amapereka thadzi, akuchimuna n'kupereka tambala. Tambala ameneyo atamutulutsa m'dengu, maso anga anakakamira pa iye. Anali wamawangamawanga, wakuda ndi woyera, nthenga za m'khosi zazitali, zopyapyala, zolimba ndi zonyezimira. Nthenga yotere ukaikulunga pambedza imaima ngati miyendo ya kachilombo, ndipo nyambo simira. Chichokereni ku Zomba ndinali ndisanaonenso khosi lotere. Malangizo onse amene ankhoswe anapereka kwa ana aja sindinamvepo kanthu, ndipo mayi a kunyumba ananditsina m'nthiti kuti ndichotse maso pa nkhuku.

Tambalayo anapita kwa alamu anga monga mwa mwambo. Patapita masiku anamupha, ndipo ine ndinali nditawachonderera kale kuti asamuthire madzi otentha ndisanafike. Ndinasenda chikopa cha m'khosi pamodzi ndi nthenga zake, n'kuchithira mchere, n'kuchikhomera pathabwa ndi timisomali kuti chiume chotambasuka. Thabwalo ndinalikoleka kuseri kwa nyumba, pansi pa denga, pamene mphepo imadutsa koma dzuwa silifika. Sindinabe, sindinabise, ndipo mpaka lero sindiona chimene ndinalakwa pamenepo.

Tsoka linabwera ndi azakhali ake a mnyamata. Anafika tsiku lina kudzakambirana ndi mayi a kunyumba za zophikaphika za paukwati. Popita kuseri anaona thabwa lija, ndipo khosilo analizindikira nthawi yomweyo, popeza tambalayo anamulera ndi iwowo kuyambira ali kamwanapiye. Anasuzumira pazenera la chipinda changa n'kuona mbedza zokulungidwa ndi ulusi wofiira, zomera nthenga, zitabayidwa mondandalika pachitsononkho. Anatsanzika mofulumira, tiyi n'kumusiya akutuluka nthunzi. Zinangochitika kuti sabata imeneyo mnyamata anagwa ndi malungo, komanso mayi ake anali akudandaula kale kuti masiku ano sakhazikika pakhomo, amangokhalira pakhonde la telala. Anthu aja anaphatikiza zonsezi n'kupeza yankho lawo: bambo wa mtsikana watenga khosi la tambala wa kwawo, walikhomera, ndipo akumukola mwana wawo ndi mbedza kuti aiwale mayi ake.

Uthenga unadzera kwa alamu anga. Amalume a mnyamata anati apempha kutchalitchi kuti kulengeza ukwatiwo kuyambe kwaima mpaka amvetse chimene chikuchitika pakhomo panga. Ine ndinaseka. Ndinati Kandimverere anakanena za m'maluwa, zitha zokha zimenezi. Lamulungu lotsatira ndinali pamalo panga m'kwaya pamene ankawerenga maina a ofuna kukwatirana. Anawerenga a ena, a mwana wanga osamveka. Ndinamuona ali kumbali ya amayi, atawerama, akupinda ndi kupindula ngodya ya chitenje chake, anzake akumuyang'ana cham'mbali. Kuseka kwanga kunathera pomwepo.

Madzulo a tsiku lomwelo mwana wangayo analowa m'chipinda changa osaodira, chinthu chimene anali asanachitepo. Anaika bokosi la machesi patebulo, pakati pa nthenga ndi ulusi umene iye yemwe anandipatsa.

"Abambo, otchani zimenezi," anatero. "Sindinakupempheniko kanthu chikulireni. Ukwati wanga ukutha chifukwa cha nthenga za nkhuku."

Zinandipweteka, ndipo ndinapsa mtima, chifukwa ndimapsa mtima msanga. Ndinafuna kumufunsa ngati nayenso akuganiza kuti bambo ake ndi wokhwima. Koma nditaona maso ake otupa ndinameza mawuwo. Mayi a kunyumba, amene ndinkayesa kuti ayamba ndi iwo kutolera nkhuni, anaima pakhomo n'kunena kuti tikaotcha lero, mawa anthu aja adzati taotcha umboni, ndipo mwanayo adzakalowa m'banja lomwe aliyense adzaopa kudya chophika chake. Pamenepo ndinalonjeza. Ndinati amalume a mnyamata abwere adzaone okha ntchito ya nthengazo. Akapanda kukhutira, ndidzaotcha ndekha zonse, khosi, nyambo, chingwe ndi ndodo ya mdala uja, iwo akuona. Mwanayo anatuluka, machesi n'kuwasiya pomwepo.

Alamu anga anakatula uthengawo. Amalume aja anavomera kubwera, koma anati m'nyumba mwanga salowa ndipo chakudya changa sadya, tikakumane kudamu. Vuto linali lakuti kunja kunali kukadali chilimwe. Madzi a m'damu anali atatsika, ofunda, makumba atakhala pansi phee, ndipo ndinkadziwa kuti ndikawaitana nthawi imeneyo ndikangokwapula madzi pachabe iwo akuonerera. Ndinati tidikire mvula. Masiku ankapita, Adiventi ikuyandikira, mwana wanga akungondipatsa moni wa mwambo basi. Ulusi anasiya kubweretsa. M'mawa uliwonse ndinkatuluka kukayang'ana kuphiri ngati kuli mitambo, kuposa mmene ankayang'anira alimi amene anali atagula kale mbewu.

Mvula itagwa, inagwa yamphamvu, yonunkhiza dothi. Dzuwa litatulukanso, ziulu zinatseguka. Ndinatuma alamu anga kuti akawauze amalume aja kuti ndi lero, ndipo masana dzuwa litapendeka anatulukira panjinga yawo, atavala jekete lakuda ndi chipewa, korona yopempherera ili pamwamba pa malaya kuti aliyense aione. Anandipatsa moni ali patali, manja ali pachiwongolero. Sindinawaimbe mlandu kwenikweni. Anali ndi mantha enieni, ndipo mwana wamwamuna wa mlongo wawo anali mmodzi yekhayo.

Ngumbi zinali ponseponse, zikugwa pamadzi n'kumazungulira ndi mapiko awo. Damu lonse linali mabwalo okhaokha a nsomba zikudya. Ndinawaonetsa nyambo yanga pachikhatho, ngumbi yomangidwa ndi nthenga za tambala wawo yemwe uja, n'kuimangirira kuchingwe iwo akuona. Tsiku limenelo ndinaponya bwino, ndipo sindikuchita manyazi kunena. Chingwe chinkauluka kumbuyo n'kutambasuka, n'kubwera kutsogolo osakhudza bango, n'kukagona pamadzi mwakachetechete. Nyambo inatera pamene nsomba inali itangodya kumene. Madzi anatupa, ndodo inapindika, ndipo ndinakokera kumtunda nsomba yonenepa kuposa chikhatho changa. Ndinaponyanso, ina. Ndinaponyanso, inanso. Amayi a m'madimba anayamba kululutira, alamu anga akuomba m'manja, ine chifuwa chitatupa. Mlandu ndinauona utatha.

Nditatembenuka ndinapeza nkhope ya amalume aja itada kuposa mmene inabwerera. Anapempha kuti aione nyamboyo. Sanaigwire, anangowerama n'kuinunkhiza ili m'manja mwa alamu anga.

"Bambo, ine ndawedzapo kuyambira ndili mwana," anatero pang'onopang'ono. "Nsomba sidya nthenga. Ngati zikuthamangira nthenga zanu chonchi, ndiye kuti pali chimene mwaikapo. Mwandionetsa nokha kuti chimagwira ntchito."

Luso langa lomwelo, limene ndinaliyesa mboni yanga, ndilo linandimanga. Ndikanalephera kugwira nsomba akanati ndine wamisala wosaopsa. Popeza ndagwira zambiri, ndine wokhwima. Machesi aja anali m'thumba la malaya anga, chifukwa ndinawatenga kuti ndisaoneke ngati wothawa lonjezo, ndipo ndinkawamva pachifuwa. Ndinafuna kuwalalatira, kuwauza kuti kabichi wawo akapanga mitu ikuluikulu palibe amene amawatcha afiti. Koma ndinakumbukira mwana wanga atawerama m'tchalitchi muja, n'kudziluma lilime.

Ndinawafunsa ngati iwowo ali ndi mankhwala. Anakana mokwiya. Ndiye ndinati abwere mawa ndi zawozawo: mbedza yogula okha, nthenga ya nkhuku ya pakhomo pawo, ulusi wa akazi awo, nsungwi yodula okha. Adzamange okha nyamboyo, adzaponye okha, ine osakhudza kalikonse. Nsomba ikadzakana, machesi ali pano. Anayang'ana mabwalo a pamadzi aja, kenako anati abwera. Pobwerera kunyumba alamu anga anandiuza kuti ndadzimangirira ndekha, chifukwa zala za bambo aja zinazolowera khasu. Sindinawatsutse. Ine nyambo yanga yoyamba kugwira nsomba ndinaimanga nditaononga mbedza zosawerengeka pakhonde la mdala uja.

Mawa lake anabweradi, nsungwi yaitali atamangirira panjinga. Anatulutsa mbedza yaikulu yowedzera milamba, nthenga za thadzi lofiira, ndi ulusi wakuda wosokera mabatani. Anandiuza kuti ndikhale pamwala, patali pang'ono, manja kumbuyo, alamu anga akhale pakati pathu ngati mboni. Anandiletsanso kulavula ndi kuuzira mpweya kumene iwo anali. Ndinamvera zonse. Mbedza anaibaya pakamtengo kuti isagwedezeke, ndipo ine ndinayamba kuwalangiza ndi pakamwa pokha.

M'moyo wanga sindinavutikepo ngati masana amenewo. Ndinkati kulungani ulusi chakumbuyo, iwo n'kukulunga chakutsogolo. Ndinkati nthengayo igwireni kunsonga, iwo n'kuifinya pakati mpaka kuthyoka. Ulusi unaduka kangapo. Thukuta linkatsika pansi pa chipewa chawo, ine manja akuyabwa kumbuyoku, chifukwa ntchito imene ankalimbana nayoyo zala zanga zikanaimaliza ndisanathe n'komwe pemphero la Atate Athu. Pomaliza anamanga mfundo zitatu zonga zomangira thumba la chimanga n'kuinyamula m'mwamba kuti ndiione. Chinali chinthu chonyansa, chonga chitosi cha nkhuku chomera nthenga. Mdala wa ku Zomba akanachiona akanatenga lezala osanena kanthu. Ine ndinati chili bwino.

Ngumbi tsiku limenelo zinali zochepa, nsomba zikudya mwa apo ndi apo. Popeza analibe chingwe chonenepa choponyera, ndinawauza kuti aime pamene mphepo ikuwomba kuchokera kumsana kwawo, atukule nsungwi, mphepoyo iulutse nyambo n'kumaiteretsa pamadzi. Iwo ankangomenyetsa ngati akupha njoka, nsomba n'kuthawa. Ndinawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anandiyankha kuti sanabwere kudzaona nkhono. Dzuwa linapendeka kwambiri, amayi a m'madimba anayamba kutolera ndowa zawo, ndipo alamu anga anasiya kundiyang'ana m'maso. Ndinayamba kuganiza za pamene ndidzakolezere moto, ndi kuti ndodo ya mdala uja ndidzayamba ndaithyola kapena ndidzangoiponya yathunthu.

Mkono wawo utatopa anasiya kumenya, n'kungogwira nsungwi ili chiimire, akupuma. Pamenepo mphepo inachita zimene ndinakhala ndikuwauza. Inanyamula chinthu chawo chija, n'kukachiteretsa pafupi ndi bango, n'kuchinyamulanso, n'kuchiteretsanso. Madzi anaphulika pang'ono. Nsonga ya nsungwi inagwedezeka, ndipo bambo aja, aulemu wawo, ajekete lakuda, anakuwa ngati aona moto padenga, n'kukoka ndi mphamvu zonse. Anaterereka n'kukhala pansi m'matope, nsomba n'kuwauluka pamutu kukagwera m'udzu. Inali kansomba kakang'ono, kotalika ngati chala changa chapakati ndi theka, kamtundu kamene ine ndimakabweza m'madzi.

Anakwawa n'kukakatola. Anakayang'ana nthawi yaitali, nthenga ya thadzi la akazi awo ili pakamwa pake. Kenako alamu anga anatsokomola n'kufunsa mwaulemu kuti tsono nkhani ya ana ija ili pati. Amalumewo sanatembenuke n'komwe. Maso awo anali pabango paja.

"Tadikirani kaye, ina ikudya apo," anatero.

Anachotsa kansombako, n'kukaponya m'chithaphwi, n'kuimanso pomwepo ndi matope kuthalauza, nsungwi m'mwamba, akudikira mphepo. Sanagwirenso ina, koma anachoka pamadzi paja pokhapokha nyambo itasiya kuoneka bwino. Ndinawauza kuti kansombako akabweze kakule, poti kanali kakupumabe m'chithaphwi. Anakana. Anakakulunga m'tsamba pamodzi ndi nyambo yawo, n'kunena kuti akukaonetsa alongo awo, ndipo ngati pali wina woti amange mlandu, ayambe ndi iwowo poti amanga ndi manja awo. Atakwera njinga anatsikanso, n'kubwera pamwala pamene ndinali, n'kunditambasulira dzanja.

"Asewele, ulusi wanga uja umaduka chifukwa chiyani?" anandifunsa.

Aka kanali koyamba kunditchula choncho, dzina loitanirana anthu amene ana awo akwatirana. Ndinawayankha mofatsa kuti amakoka kwambiri.

Lamulungu lotsatira maina a ana athu anawerengedwa. Ine m'kwaya ndinaimba mokweza mpaka wotsogolera anandiyang'ana. Mnyamata malungo anali atamusiya kalekale ndi mankhwala a kuchipatala, ndipo azakhali aja anabweranso kudzamaliza za zophikaphika, nthawi ino tiyi n'kumwa, ngakhale kuseri kwa nyumba sanapiteko. Chimene sichinabwerere m'malo mwake ndi pakati pa ine ndi mwana wanga. Iye sananene kanthu za nkhaniyo, ine sindinanene. Tonse awiri ndife ouma mutu, anatengera ine. Machesi ndinawabwezera patebulo pamene anawasiya, ndipo ulusi sunabwerenso. Ndinkadziuza kuti watanganidwa ndi kusoka diresi lake ndi velo, koma mumtima zinkandiwawa. Ukwati ndinaupulumutsa, komabe ndinkaona ngati mwanayo akuchoka pakhomo akuchita manyazi ndi bambo ake.

Ukwati unachitika Adiventi isanalowe, kumwamba kuli mitambo koma mvula inatichitira ulemu. Amalume aja anavina nane, ndipo pakati pa gule anandinong'oneza kuti thadzi la akazi awo latsala pang'ono kukhala lamaliseche. Mawa lake masana, katundu wa mwana wanga atamangidwa, galimoto ikudikira kumsewu, analowa m'chipinda changa, nthawi ino ataodira. Anaika patebulo kampukutu kokulungidwa m'pepala. Nditatsegula ndinapeza tizidutswa ta nsalu yoyera yopyapyala, zotsalira podula velo yake, ndi ulusi wofiirira wamtundu wa mimba ya ngumbi.

"Mapiko a ngumbi amaonekera kuwala, abambo," anatero. "Nthenga zimene mumaika zija n'zochindikala. Ndakhala ndikufuna kukuuzani kuyambira kale."

Ndinayang'ana nsaluyo pazenera, ndipo ankanena zoona. Zaka zonsezo ndinkayesa kuti amangondichitira chisoni, osadziwa kuti ankayang'ana ntchito yanga ndi diso la mmisiri mnzanga, mpaka kuona pamene ndinkalephera. Ndinafuna kunena zambiri, koma ndinangoti zikomo amayi. Anatola machesi aja patebulo, n'kunena kuti akawafuna kukhitchini kwake.

Madzulo omwewo, pakhomo patachita zii, ndinapana mbedza m'pulayala. Thupi ndinakulunga ndi ulusi wake, miyendo ndi nthenga ya tambala wa chinkhoswe, mapiko ndi velo. Ndamanga nyambo zambiri m'moyo wanga, koma ngumbi yoposa imeneyo sindinamangepo, ndipo zinzake zimene ndinamanga pambuyo pake makumba a m'damu lija sazipatsa mpata. Yoyambayo sinalowepo m'madzi. Ndinaibaya pachipewa changa, kutsogolo, ndipo ndimapita nayo kumsika, kumaliro ndi kutchalitchi komwe. Munthu akandifunsa kuti n'chiyani chimenecho, ndimavula chipewa n'kumupatsa kuti agwire, n'kumuuza kuti mapikowo anasankha ndi mwana wanga.